Chisanu cha ku Britain sichinyengerera galimoto yogona panja

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, Amalawi ambiri okhala m'mizinda ngati Manchester, Leeds ndi Glasgow amakhala kalikiliki kulongedza katundu kuti akadyere Khirisimasi kumudzi. Abale kuno amangoona masutikesi ndi mphatso, osadziwa kuti mlendoyo wasiya galimoto yake panja pa nyumba yalendi yopanda galaja, ndipo ikhala pomwepo mwezi wathunthu kapena iwiri.

Pobwerera, ena amakapeza galimotoyo ikukana kulira, mabuleki atagwirana, mipando itachita chuku. Kwa munthu amene amaidalira popita kuntchito yausiku, vuto lotere limadya ndalama zimene zikadalipira fizi ya mwana ku Balaka kapena kugula feteleza ku Mchinji.

Kuzizira kwa kumeneko n'kosiyana ndi kwa Juni ku Dedza. Pakati pa Disembala ndi Febuluwale madzi amaundana panja n'kuuma ngati mwala. Ku Braemar, m'dziko la Scotland, kudazizirapo kufika madigiri 27.2 kunsi kwa ziro mu 1982. Zotere sizichitika chaka chilichonse, koma ngakhale chisanu chochepa chimakwana kuononga galimoto imene mwini wake sadaikonzekeretse.

Mdani wamkulu ndi mchere. Pofuna kuti misewu isaterere, makhonsolo amamwaza mchere wokumbidwa m'migodi ngati wa ku Winsford, m'dera la Cheshire. Mcherewo umasakanikirana ndi matope n'kukakamira kunsi kwa galimoto. Galimoto ikaima masabata ambiri pachinyezi, dzimbiri limadya mwakachetechete mapaipi a mabuleki, ekizozi ndi zitsulo zimene zimanyamula thupi lonse. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kutsuka kunsi ndi madzi amphamvu, makamaka m'makumbi a matayala. Paja akuluakulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Malo oimikapo nawo ndi ofunika. Pakapinga kapena padothi pamatuluka chinyezi usiku ndi usana, choncho pasimenti kapena phula ndiye pabwino. Pansi pa mtengo si pabwino chifukwa masamba amatseka tingalande totulutsa madzi a mvula, ndipo nthambi zimathyoka ndi mphepo.

Chizolowezi cha kuno chothira madzi a pampopi m'rediyeta n'choopsa kumeneko. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo mphamvu yake imatha kung'amba rediyeta ngakhale injini imene. Madzi osakaniza theka ndi theka ndi mankhwala otchedwa antifreeze saundana mpaka kuzizira kutapitirira madigiri 30 kunsi kwa ziro.

Batire ndilo limayamba kugonja. Kuzizira kumalifooketsa, pamene alamu ndi kompyuta ya galimoto zimapitiriza kukoka moto ngakhale kiyi atachotsedwa. Batire lotheratu moto limatha kuundana n'kuphulika m'mbali. Ena amachotsa waya wa mbali ya negative, ngakhale kutero kumazimitsanso alamu. Ena amaika kasola kakang'ono pagalasi lakutsogolo kuti kazionjezera moto pang'onopang'ono.

Kusiyira mnzako kiyi kuti azingoliza injini mphindi zisanu kumaononga m'malo mothandiza. Moto umene wapita poliza subwerera m'batire, ndipo nthunzi imasanduka madzi m'kati mwa ekizozi. Chothandiza ndi kuiyendetsa pafupifupi theka la ola kuti injini itenthe bwino, komabe woyendetsayo ayenera kukhala wololedwa ndi inshuwalansi ya galimotoyo.

Handibuleki ikakhala yokoka nthawi yaitali pachinyezi imakakamira. Pamalo athyathyathya a m'bwalo la nyumba, ndi bwino kuisiya galimoto m'giya n'kuika zipika kumatayala. Matayalawo amafunika kupoperedwa mokwanira, poti mpweya umachepa mphamvu kukazizira, ndipo tayala lophwa likakhalitsa malo amodzi limaphwatalala mbali imene yagunda pansi.

Ambiri amalakwitsa pofunditsa galimoto lona wapulasitiki, ngati wofunditsira chimanga. Pulasitiki imatsekera chinyezi m'kati, ndipo mphepo ikamakupiza lonayo amakanda penti. Chofunda choyenera ndi chija chimene chimatchinga mvula koma chimalola mpweya kudutsa, chomangidwa zolimba pagalimoto yotsukidwa ndi youma.

Makoswe nawo amafuna pofunda. Nyenyeswa za mabisiketi pansi pa mpando zimawaitana, ndipo akalowa amatafuna mawaya. Thanki imafunika kusiyidwa yodzadza. Kuyambira Seputembala 2021, petulo wamba ku England, Scotland ndi Wales ndi wa E10, amene amakhala ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo thanki yatheka imakhala ndi mpweya wambiri wobweretsa madziwo.

Pali lamulonso. Kuyambira mu 2011, galimoto iliyonse ku Britain iyenera kukhala ndi inshuwalansi ngakhale isakuyenda, pokhapokha mwini wake atadziwitsa bungwe la DVLA kudzera m'chikalata chotchedwa SORN. Koma galimoto ya SORN siiloledwa kuima mumsewu wa boma, iyenera kukhala pamalo a mwini. Amene amaimika m'mbali mwa msewu alibe kuchitira mwina koma kulipirabe msonkho ndi inshuwalansi nthawi yonse ali kumudzi.

Nkhaniyi ikukhudzanso amene sadakwerepo ndege. Galimoto zina zakale zimene zimalowa m'dziko muno kudzera padoko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe zidagwirapo ntchito ku Britain, kapena kumpoto kwa Japan ngati ku Hokkaido kumene chipale chimagwa kwambiri. Penti imatha kunyezimira pamene kunsi kudadyeka kale, ndipo mabampu a m'misewu yafumbi sachedwa kuulula.

Mwayi ulipo pagalimoto zochokera ku Britain. Mbiri ya mayeso a chaka ndi chaka otchedwa MOT, amene galimoto zopitirira zaka 3 zimayesedwa, imapezeka ulere pa intaneti pongolemba nambala yakale ya galimotoyo. Ngati oyesa adaonapo dzimbiri loopsa, zimalembedwa mmenemo.

Wogula wanzeru amapita ndi makaniko wake, galimoto n'kukwezedwa padzenje, n'kugogoda zitsulo zakunsi asadatulutse ndi tambala yomwe. Ogulitsa akakana kuti galimoto ionedwe kunsi, ndalamazo ndi bwino zibwerere kunyumba.