Majini a m'thupi amagwira ntchito mopumira

Mawu akuti majini akamveka, ambiri amaganiza za mizimu yovutitsa anthu. Koma asayansi ali ndi majini awo. Awa ndi malangizo olembedwa mu DNA, kachingwe kopyapyala kopezeka m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 olamula kapangidwe ka mapuloteni, omwe amamanga thupi ndi kuliyendetsa.

Kuti jini igwire ntchito, selo imayamba yakopera uthenga wake pa kachingwe kena kotchedwa RNA, ndipo kachingweko ndi kamene kamakapangitsa puloteni. Zili ngati buku losaloledwa kutuluka mu ofesi, lomwe wolifuna amangokoperamo tsamba n'kupita nalo.

Kwa nthawi yaitali ambiri ankayesa kuti kukoperaku kumayenda mosadukiza ngati madzi a mumtsinje. Chifukwa chake n'chakuti ankapima maselo mamiliyoni ambiri pamodzi, choncho zochitika mu selo imodzi sizinkaoneka.

Zinthu zinasintha mu 2005 pamene Ido Golding ndi anzake pa yunivesite ya Princeton ku America anagwiritsa ntchito njira yowalitsira RNA mu bakiteriya wamoyo wotchedwa E. coli. Ataonerera selo imodziimodzi, anaona kuti jini yomwe ankaifufuza inkagwira ntchito kwa mphindi pafupifupi 6, n'kukhala chete kwa mphindi pafupifupi 37, kenako n'kuyambanso. Zinali ngati chigayo cha m'dera la magetsi othimathima: akayaka chimagaya matumba angapo motsatizana, akathima zii.

Mu 2006 Jonathan Chubb ndi Robert Singer ku New York anaonanso zomwezi mu kachilombo ka m'dothi kotchedwa Dictyostelium. Chaka chomwecho Arjun Raj ndi anzake anasonyeza kuti maselo a nyama zoyamwitsa nawonso amachita chimodzimodzi.

Nanga kupumiraku kumadza bwanji? Mwa anthu, DNA ya mu selo imodzi ndi yaitali pafupifupi mamita 2, ndiye imakulungidwa zolimba kuti ikwanemo. Jini imakopedwa pokhapokha malo ake atamasuka ndipo mapuloteni oidzutsa atakhalapo. Mapuloteniwa sakhalitsa, amafika n'kuchoka, ndipo nthawi yeniyeni yomwe afike imangochitika mwamwayi.

Zotsatira zake n'zakuti maselo awiri a DNA yofanana, okhala malo amodzi, angathe kusiyana. Ina imapezeka ndi puloteni yambiri, inzake yochepa.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri m'dziko muno, momwe mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Kachilombo ka HIV kamalowetsa majini ake mu DNA ya maselo oteteza thupi. Mu 2005 Leor Weinberger ndi anzake ku Berkeley anasonyeza kuti kukwera ndi kutsika mwamwayi kwa puloteni ya kachilomboka yotchedwa Tat kungachititse kuti mu selo ina kachulukane pamene mu ina kagone.

Kachilombo kogonako kangakhale kobisala zaka zambiri, mankhwala osakakhudza, chitetezo cha m'thupi osakaona. Munthu akasiya kumwa mankhwala, kamene kadzuka kamachulukana, ndipo kawirikawiri kamaonekanso m'magazi pakangopita masabata ochepa. N'chifukwa chake achipatala amalimbikira kuti ma ARV asadukizidwe ngakhale munthu akupeza bwino.

Ku khansa nakonso nkhani ndi yomweyi. Mu 2017 Sydney Shaffer ndi Raj pa yunivesite ya Pennsylvania anapeza kuti mwa maselo a khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, ochepa kwambiri amayatsa kwa kanthawi majini owathandiza kupirira mankhwala. Mankhwala akafika pa nthawi imeneyo, maselowo amapulumuka n'kuyambanso kuswana.

Komabe kupumiraku si vuto lokhalokha. Mabakiteriya akasiyana pang'ono wina ndi mnzake, zinthu zikavuta ena amatsala n'kupitiriza mtundu, monga mlimi wobzala mbewu zosiyanasiyana sagona ndi njala imodzi ikakanika.

Pakadali pano asayansi akuyesa njira ziwiri pa HIV yobisala: kuidzutsa yonse kuti iphedwe, kapena kuigoneka mpaka kalekale. Njira zonsezi zidakali pa kafukufuku, ndipo mpaka imodzi itatheka, chitetezo chodalirika ndi kumwa mankhwala monga achipatala analangizira.