Matauni a ku America: Germantown ndi kalata imene akulu anakankhirana

Germantown lero ndi dera chabe la mzinda wa Philadelphia, makilomita pafupifupi 10 kumpoto chakumadzulo kuchokera pakati pa mzindawo. Koma inayamba ngati mudzi wa mabanja 13 ochokera ku Krefeld, m'dziko la Germany, amene anafika pa sitima yotchedwa Concord mu Okutobala 1683. Ambiri anali owomba nsalu, ena a mpingo wa Quaker, ena a Mennonite.

Chimene chinawakoka ndi lonjezo la William Penn. Mkuluyu, amene anagonapo m'ndende ku London chifukwa cha chikhulupiriro chake, anapatsidwa dziko la Pennsylvania mu 1681 ndi Mfumu Charles II, pobweza ngongole ya mapaundi 16,000 ya malemu bambo ake. Iye analamula kuti aliyense wokhulupirira Mulungu azipembedza mmene mtima wake ukufunira. Masiku amenewo nkhaniyi sinali yamasewera: ku Boston, Mary Dyer ananyongedwa mu 1660 chifukwa chobwereranso atathamangitsidwa ngati m-Quaker.

Posakhalitsa alendowo anaona kuti ufuluwo sunali wa onse. Anzawo opemphera nawo ankagula ndi kugulitsa anthu ochokera ku Africa, ndipo naye Penn anali ndi akapolo pamunda wake wa Pennsbury.

Mu 1688 amuna anayi, Francis Daniel Pastorius, Garret Hendericks ndi abale awiri, Derick ndi Abraham op den Graeff, anakhala pansi m'nyumba ya Thones Kunders n'kulemba kalata. Sanazungulire. Anakumbutsa anzawo mmene apaulendo wa panyanja ankanjenjemerera akaona sitima yachilendo, poopa kugwidwa n'kukagulitsidwa ukapolo. Nanga zimene iwo ankaopazo n'kuchitiranji ena? Anati kumene kuli ufulu wa chikumbumtima kuyeneranso kukhala ufulu wa thupi, ndipo anadzudzula kulekanitsa mwamuna ndi mkazi wake powagulitsa ngati ziweto.

Zimene zinatsatira sizidabwitsa amene anakhalapo m'komiti ya mpingo. Msonkhano wa pamwezi wa a Quaker, umene unalandira kalatayo, unati nkhaniyo yaukulira, n'kuitumiza ku msonkhano wa pa miyezi itatu ku Philadelphia. Kumeneko anaikankhiranso ku msonkhano wa pachaka ku Burlington, umene unakana kugamula. Kalatayo inasowa mpaka 1844. Panatenga zaka 88, kuchokera 1688 kufika 1776, kuti a Quaker a ku Philadelphia alamule zoti wokakamira akapolo azichotsedwa mumpingo.

Tauniyi imadziwikanso ndi zina: fakitale ya mapepala ya William Rittenhouse ya mu 1690, Baibulo la Chijeremani limene Christopher Sauer anasindikiza mu 1743, ndi nyumba yamiyala ya Cliveden, pamene asilikali a George Washington anagonja pa 4 Okutobala 1777. Pa msewu wa Germantown Avenue pali Johnson House, kumene banja la a Quaker linkabisa akapolo othawa kuchokera kumwera. Germantown inalowa mu Philadelphia mu 1854, ndipo ambiri okhalamo tsopano ndi anthu akuda.