Sukulu Yoyamba ya Mwana Ili M'khichini

Ambiri a ife amene timagwira ntchito m'maofesi a ku Area 13, mumzinda wa Lilongwe, timachoka pakhomo m'mamawa n'kubwerako kuli chisisira. Mwana wathu wa zaka 3 kapena 4 amaswera kusukulu ya mkaka kapena ndi womulera. Chotsalira kwa ife ndi maola ochepa a madzulo, thupi litatopa kale. Kodi maola amenewa tiziwagwiritsa ntchito bwanji mwanayo asanakwanitse zaka 6 n'kuyamba Sitandade 1?

Chapafupi n'kumupatsa foni kuti tipumeko. Komatu mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wa msinkhu umenewu asapitirire ola limodzi patsiku akuonera TV kapena foni. Linatinso azisewera mothamangathamanga ndi kuyendayenda kwa maola atatu patsiku, ndiponso azigona maola 10 mpaka 13.

M'malo mwa foni, timuitanire kukhichini. Pamene tikusadzula nkhwani, iye tim'patse mbale ya nyemba kuti asankhe zofumbwa. Akamaziika pambali imodziimodzi, akuphunzira kuwerenga, kusiyanitsa chabwino ndi choipa, komanso kumaliza ntchito imene wayamba. Achedwa ndithu, ndipo nyemba zina zigwera pansi. Tisafulumire kumulanda mbaleyo.

Akataya madzi, kukalipa kumam'phunzitsa kubisa zolakwa. Koma tikam'patsa chikolopa n'kunena kuti, "Tiye tikolope limodzi," amadziwa kuti cholakwika chimakonzeka. Posamba m'manja tisanadye, tiwerenge naye mokweza mpaka 20 uku akupaka sopo. Amasangalala ngati masewera, pomwe akudziteteza ku matenda otsegula m'mimba.

Nanga mafunso ake osatha aja? Tikapita naye ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya pakati pa Old Town ndi City Centre, angafunse chifukwa chake anyani ena akusungidwa kumeneko. Timuyankhe zoona mwachidule: anavulala kapena analandidwa kwa anthu owasunga mosaloledwa, ndipo akusamalidwa. Yankho lotere limabzala chifundo. Mwana amene amayankhidwa lero ndi amene adzabwere kwa ife ndi mafunso olemera akadzasinkhuka.

Abambo, ntchitoyi si ya amayi okha. Kumusambitsa mwana, kumutsuka mano ndi kumukambira nthano asanagone kumangofuna mphindi zochepa. Ndipo popeza mwana amatengera zimene akuona, tizinena "zikomo" kwa womulera ndi kwa mlonda iye akumva.

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Zaka zimenezi sizichedwa kutha, ndipo sizibwereranso. Madzulo ano tikafika pakhomo, foni ikhale kaye m'chikwama, mbale ya nyemba ikhale m'manja mwa mwana.