Grimsby idasiya ukonde n'kuyamba kuwedza mphepo

Nditangotsika sitima ya pamtunda ku Grimsby, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa England, maso anga adagwera pachinsanja chachitali cha njerwa chotchedwa Dock Tower. Adachimanga mu 1852 kuti madzi osungidwa pamwamba pake adzipereka mphamvu yotsegulira zitseko za padoko. Lero changokhala chikumbutso.

Cha m'ma 1950, doko limeneli linali limodzi mwa madoko akuluakulu a asodzi padziko lonse. Zombo mazanamazana zinkapita kukakoka nsomba za cod ndi haddock m'madzi ozizira a kufupi ndi Iceland. Ulendo umodzi unkatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo amuna ena sankabwerako.

Zinthu zidatembenuka mu 1976. Atalimbana kwa zaka zambiri, dziko la Britain lidavomera kuti Iceland ikhale ndi ulamuliro pamadzi ofika mamailosi 200 kuchokera kugombe lake. Zombo zidayamba kuchita dzimbiri padoko.

Chomwe chidandiwawa kumva n'chakuti asodziwo adapita kwawo chimanjamanja. Ankatengedwa ngati aganyu, choncho panalibe ndalama yowaperekezera. Ndondomeko yaikulu ya chipukutamisozi idabwera mu 2000, ndipo boma lidapepesa mu 2012, ambiri atatsikira kale kulichete.

Masiku ano m'mawa padokopo pamanyamukabe maboti, koma onyamula amisiri okakonza makina opanga magetsi ndi mphepo omwe adazikidwa pakati panyanja. Kampani ya ku Denmark ya Ørsted imayendetsa ntchitoyi kuchokera ku Grimsby. Pamalo otchedwa Hornsea 1 pali makina 174, pomwe pa Hornsea 2, pomwe adamaliza mu 2022, pali 165.

Nsomba nazo sizidachokeretu. Mafakitale oziyeretsa ndi kuzilongedza akadali mbwee, kungoti zambiri zimachita kubwera kuchokera ku Iceland ndi Norway.

Ndiye tinene kuti tauniyi yadzuka? Ndidayenda wapansi mphindi zochepa kuchoka padoko n'kulowa m'dera la East Marsh, limodzi mwa madera osaukitsitsa ku England. Ndidaona mashopu otseka ndi nyumba zokhomedwa matabwa m'mawindo.

Vuto lili apa. Kale mnyamata ankangosiya sukulu n'kukwera chombo, ntchito yapezeka basi. Ntchito ya mphepoyi imafuna mapepala a zamagetsi ndi maphunziro a chitetezo panyanja, komanso silemba anthu ochuluka monga unkachitira usodzi. Mdzukulu wa msodzi amene alibe mapepalawo amangowaona mabotiwo akunyamuka.

Choncho anzanga, mukaona pafoni zithunzi zokongola za tauni yomwe akuti yatsitsimuka, dzifunseni kuti pantchito zatsopanozo alembapo ana angati a m'deralo. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa anthu ambiri a ku East Marsh, fodyayu akadali pachala.