Zimene ofufuza apeza m'makomboni a Lusaka

Makomboni a Lusaka akhala akufufuzidwa ndi akatswiri a m'mayunivesite kwa zaka zoposa 50, ndipo zambiri zimene zimadziwika lero pa moyo wa m'tauni ku Zambia zidachokera kumeneko. Mizu ya ntchitoyi ili ku Rhodes-Livingstone Institute, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1937. Atsamunda ankaona munthu wakuda wa m'tauni ngati mlendo amene adzabwerera kumudzi ntchito ikatha, koma ofufuza monga Godfrey Wilson ku Kabwe ndi J. Clyde Mitchell ku Luanshya adaonetsa kuti anthuwo anali atayamba kale moyo wawowawo wa m'tauni. Pambuyo pa ufulu bungweli lidalowa m'manja mwa University of Zambia, ndipo lero limatchedwa INESOR.

Kafukufuku wopindulitsa kwambiri ndi uja wobwerera pamalo amodzimodzi kwa zaka zambiri. Ann Schlyter wa ku Sweden adayamba kuyendera komboni ya George chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ankabwerako mobwerezabwereza, kuyeza ndi kujambula nyumba zomwezo. Adaona kuti nyumba ya m'komboni simangidwa tsiku limodzi. Imayamba ya zidina, ndalama zikapezeka khoma limodzi limasanduka la mabuloko, kenako pambali pamamera chipinda cha lendi, ndipo mwininyumba wasanduka landilodi. Umboni wotere unkatsutsa aja ankati makomboni ndi ofunika kungowagumula. Mu 1974 boma lidakhazikitsa lamulo lovomereza malo oterewa, ndipo ndi ngongole ya World Bank, George ndi Chawama adalandira misewu ndi mipopi ya madzi.

Ku Mtendere, Karen Tranberg Hansen adayamba kafukufuku wake mu 1971. Buku lake la mu 1997, Keeping House in Lusaka, likufotokoza mmene amayi adagwirira mabanja ndi malonda ang'onoang'ono chuma cha dziko chitagwa pamodzi ndi mtengo wa kopa. Mu 2000 adatulutsa lina lonena za malonda a salaula, zovala za kaunjika.

Edzi itafika, maso a ofufuza adatembenukira ku zaumoyo. Mu April 2004 zipatala zazing'ono za m'makomboni zidayamba kupereka ma ARV aulere mothandizidwa ndi CIDRZ, bungwe lomwe lidayamba mogwirizana ndi University of Alabama at Birmingham. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2006 zidaonetsa kuti anamwino ndi ma clinical officer angathe kusamalira odwala ambirimbiri popanda dokotala wamkulu pafupi. Pambuyo pake bungwe la Zambart, mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, lidathandiza kuyendetsa kafukufuku wa PopART kuyambira 2013 mpaka 2018 m'madera 21 a ku Zambia ndi South Africa, pomwe alangizi ankayenda khomo ndi khomo kuyeza HIV.

Ntchito yotereyi siyenda popanda chikhulupiriro. Kawirikawiri mphekesera zimabuka zoti magazi otengedwawo akupita ku zausatana, ndipo nthawi zina alangizi amatsekeredwa zitseko. Mantha amenewa si umbuli chabe: munthu amene wafunsidwa mafunso kangapo osauzidwa zotsatira ali ndi chifukwa chokayikira. Ndicho chifukwa chake kafukufuku wamkulu masiku ano amakhala ndi komiti ya anthu a m'deralo yomwe imamva madandaulo ndi kufotokozera anzawo.

Pa nkhani ya kolera ndi pomwe mpata pakati pa kudziwa ndi kuchita uli waukulu momvetsa chisoni. Akatswiri a miyala ndi madzi a ku University of Zambia, monga Daniel Nkhuwa, adafotokoza kalekale kuti pansi pa Kanyama ndi madera oyandikana nawo pali thanthwe la laimu lodzadza ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi ali pafupi kwambiri ndi nthaka. Mvula ikagwa, zonyansa za m'chimbudzi chokumba zimayenda m'ming'aluyo osasefedwa mpaka m'chitsime chosazama cha pakhomo lina, ngakhale madziwo aoneke oyera mu ndowa. Ofufuza a ku Japan, atalemba pamapu nyumba za odwala pa mliri wa 2003 mpaka 2004, adapeza kuti matendawa ankachuluka kumene kunalibe zimbudzi ndi ngalande.

Komabe kolera idabweranso mu October 2017, nigwira anthu pafupifupi 6,000 m'dziko lonse, ambiri mwa iwo a m'makomboni a Lusaka. Mliri wa 2023 mpaka 2024 udaposa pamenepo: odwala adapitirira 20,000, omwalira adaposa 700, bwalo la National Heroes Stadium lidasanduka chipatala, ndipo sukulu zomwe zimayenera kutsegulidwa mu January zidadikira mpaka February.