Miyendo Ikaphwa, Musasiye Mankhwala a Mtima

Mtima ukafooka sutha kupopa magazi mokwanira. Madzi amadzaza m'miyendo ndi m'mapapo, munthu n'kumabanika akagona chagada. Furosemide amachotsa madziwo kudzera mumkodzo. Enalapril ndi carvedilol amapeputsa ntchito ya mtima, koma phindu lake limaoneka pakapita milungu.

Vuto limabwera miyendo ikaphwa. Ambiri amati achira, n'kusiya kumwa, pomwe mtima ukadali wofooka, ndipo madzi amabwerera. Ena amadumpha furosemide Lamulungu poopa kutulukatuluka m'tchalitchi. Tulukani ndithu, palibe amene adzakuwerengereni.

Chepetsani mchere, pewani Brufen ndi diclofenac. Sikelo ikakwera makilogalamu 2 m'masiku 3, pitani ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital osadikira tsiku lolembedwa pakhadi.