Thanki ya Mafuta m'Ndege Yokhoma Pakhomo

M'chaka cha 2016 kudamveka mbiri ya Bambo Felix Kambwiri a m'mudzi wa Gobede, makilomita 90 kumpoto kwa Lilongwe, amene adakhoma helikopita ndi zitsulo zotola, naikamo injini ya njinga yamoto. Nkhani zotere zikamveka, anthu amathamangira kufunsa za mapiko ndi injini. Thanki ya mafuta amaiyesa chigubu wamba, chonsecho ndi pamene pagona moyo wa woyendetsa.

Asodzi a ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, amadziŵa bwino chimene chimachitika petulo akasiya kufika ku injini ya boti. Injini ikazima pakati pa nyanja, iwo amatola nkhafi nayamba kupalasa, ngakhale mwera utavuta. Koma mlengalenga nkhafi mulibe. N'chifukwa chake mmisiri wa kunyanja, ngakhale akhale katswiri woŵotcherera, ayenera kuphunziranso akafika pa thanki ya ndege.

Thankiyo imapangidwa kaŵiri-kaŵiri ndi aluminiyamu, popeza ngwopepuka. M'kati mwake amaikamo timakoma toboola-boola, kuti ndege ikapendekeka mafuta asakhuthukire mbali imodzi ndi kusiya paipi ikuyamwa mpweya. Pamwamba pamakhala kabowo kopumira. Kakatsekeka, ngakhale ndi dothi la mavu, mafuta amaleka kutsika. Pansi peni-peni pamafunika kampopi kokhetsera madzi, pakuti chinyezi, monga chija cha kunyanja, chimasanduka mame m'thanki yosadzaza usiku kukazizira, ndipo madziwo, pokhala olemera kuposa petulo, amakhazikika pansi pomwe paipi imatungira. Akatha kuŵotcherera amapoperamo mpweya pang'ono, napaka thovu la sopo m'misoko monse, monga achitira wokonza chubu ya njinga.

Tsono kuika kwake ndiko kovuta. Malita 20 a petulo amalemera pafupi-fupi makilogalamu 15, ndipo kulemerako kumanka kuchepa ndege ili m'mwamba. Thanki ikakhala kutsogolo kapena kumchira kwambiri, ndege imanyamuka yolingana bwino, koma pofika potera yalemera mbali imodzi. Malo ake ndi pafupi ndi pamene kulemera kwa ndege yonse kumalingana, kutali ndi paipi ya utsi.

Ngakhale kachogwirira kosinthira mathanki kali ndi malo ake. Pa 12 October 1997 woimba wa ku America, John Denver, adafera m'nyanja ku Monterey Bay, ku California, m'ndege yokhoma pamanja ya mtundu wa Long-EZ. Amene adaikhoma adaika kachogwirirako kumbuyo kwa pheŵa lamanzere la woyendetsa, m'malo mwa kutsogolo monga mapulani adanenera. Ofufuza ngoziyo adapeza kuti mafuta atatha m'thanki imodzi, Denver adatembenuka kuti akafikire, ndipo m'kutembenukamo ndege idampulumuka.